Kuphunzitsa ana aang'ono pakhomo: silabasi yotani, ndipo tsiku liziyenda bwanji?

NaBanda analemba:

Ndikupempha nzeru kwa makolo ndi aphunzitsi amene mwaphunzitsapo ana pakhomo. Ine ndi bambo akunyumba tagwirizana zoti mwana wathu woyamba, yemwe ali ndi zaka 6, aziphunzirira kunyumba m'zaka zoyambirirazi, ndipo mng'ono wake wa zaka 3 safuna kutsalira pa chilichonse chimene mkulu wake akuchita. Ndikafufuza pa intaneti ndimakumana ndi mayina ambiri a njira zophunzitsira, monga Montessori, Charlotte Mason ndi Waldorf, kuphatikizapo mabuku ogulitsidwa pamodzi oti akwanire chaka chonse, ndipo aliyense amatamanda njira yake moti sindikudziwa poyambira. Chinanso chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndikamatsatira nthawi ya kusukulu, kuyambira m'mawa mpaka masana, mwana amatopa, amayamba kutafuna pensulo n'kumayang'ana pawindo, pamene ntchito zina zapakhomo zaima. Kodi vuto lili pa mabuku, kapena ndi ndondomeko ya tsiku imene ikufunika kukonzedwa?

Mphunzitsi wopuma anayankha:

Mayi NaBanda, ndinaphunzitsa makalasi oyambirira kwa zaka zambiri, ndipo ndikuona kuti vuto lanu lalikulu ndi kutalika kwa nthawi, osati mabuku. Maola amene mwana amakhala kusukulu sathera onse pa kuphunzira, chifukwa mphunzitsi amayenera kuitana mayina, kukhazika ana chete, kugawa mabuku ndi kuchonga ntchito ya mwana aliyense. Inu muli ndi mwana mmodzi pamaso panu, choncho zimene kalasi yonse imachita m'mawa wonse mukhoza kuzitsiriza mu ola limodzi kapena limodzi ndi theka, ndipo nthawi imeneyonso muziidula m'zigawo zazifupi.

Mayina amene mwatchulawo asakuopseni, chifukwa lililonse lili ndi chiyambi chake chimene chingakuthandizeni kuona ngati likukuyenerani. Maria Montessori anali dokotala wa ku Italy amene anatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907, ndipo njira yake imadalira zipangizo zogwirika, monga mikanda yowerengera ndi malembo okhakhala amene mwana amawatsata ndi chala, komanso imamupatsa mwana ufulu wosankha ntchito yoti achite. Sukulu yoyamba ya Waldorf inatsegulidwa ku Stuttgart mu 1919 potsatira maganizo a Rudolf Steiner, ndipo kumeneko sathamangira kuphunzitsa kuwerenga mpaka mwana atafika zaka pafupifupi 7. Asanafike pamenepo amakhazikika pa nthano, nyimbo, zojambula ndi ntchito zamanja. Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku England yemwe anamwalira mu 1923, ankalimbikitsa maphunziro aafupi, a mphindi zosapitirira 20 kwa ana aang'ono, kuwerengera mwana mabuku olembedwa bwino kenako n'kumupempha kuti afotokoze m'mawu akeake zimene wamva, ndiponso kukhala panja nthawi yaitali akuona zomera, mbalame ndi tizilombo. Mwa njira zitatuzi, ine ndimaona kuti ya Mason ndiyo yosavuta kwa kholo, popeza zambiri zimene iye analemba ankalembera makolo, pamene zinazo zinakonzedwera masukulu okhala ndi aphunzitsi osulidwa mwapadera.

Komabe mwana wa zaka 6 ali ndi zinthu ziwiri zimene zimafunika kuphunzitsidwa mwadongosolo tsiku lililonse, zomwe ndi kuwerenga ndi masamu. Pa kuwerenga, yambani ndi maliwu a malembo, osati mayina ake, kenako maphatikizo, kenako mawu aafupi, ndipo musadumphe sitepe ngakhale mwana ataoneka kuti waloweza tsamba lonse pamtima. Pa masamu, musayambe ndi manambala olembedwa papepala. Mukafuna kuti aonkhetse 7 ndi 5, mupatseni timiyala kapena zitsekero za mabotolo, aike 7 mbali imodzi ndi 5 mbali ina, ndiye atengeko 3 pa mulu wa 5 uja kuti akwanitse 10, aone yekha kuti kwatsala 2. Akazolowera zimenezi azijambula timadontho m'kope, ndipo pomalizira pake ndi pamene alembe 7 + 5 = 12. Ndondomeko yoyambira pa chogwirika, kupita pa chithunzi, n'kufika pa nambala ndi imene imatsatidwa m'masamu a ku Singapore, ndipo maziko ake ndi maganizo a katswiri wa ku America, Jerome Bruner. Buku lililonse la masamu limene mukufuna kugula muliyese ndi muyeso umenewu.

Bambo a Tiyamike anayankha:

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa nkhani ya maphunziro aafupi, koma ndikusiyana nawo pang'ono pa kasankhidwe ka silabasi. Musanasankhe njira ina iliyonse, mayi, fufuzani kaye zimene malamulo a dziko limene mukukhala amanena, chifukwa mayiko amasiyana kwambiri pa nkhaniyi. Ku Germany kuphunzitsa mwana pakhomo m'malo momutumiza kusukulu n'koletsedwa. Ku England lamulo la maphunziro la 1996 limapereka udindo kwa kholo woonetsetsa kuti mwana akulandira maphunziro oyenera, kaya kusukulu kaya mwa njira ina. Ku South Africa lamulo la masukulu la 1996 limafuna kuti mwana wophunzirira pakhomo alembetsedwe ku dipatimenti ya maphunziro ya chigawo chake, ndipo ku United States n'zololedwa m'zigawo zonse 50 ngakhale kuti zofunika kukwaniritsa zimasiyana chigawo ndi chigawo.

Mwanena kuti mukufuna kuchita zimenezi m'zaka zoyambirira zokha, kutanthauza kuti tsiku lina mwanayu adzalowa m'kalasi pamodzi ndi anzake. Pa chifukwa chimenechi ndikukulangizani kuti mupeze silabasi ya boma ya kalasi ya msinkhu wake, kuti muzidziwa zimene anzake akuyembekezeka kudziwa pakutha pa chaka. Kaphunzitsidwe kake mukhoza kutengera kwa Mason kapena kwa Montessori monga mwakonda, koma mitu yake izigwirizana ndi ya kusukulu kumene adzapite. Mwachitsanzo, mukatsatira Waldorf mokhulupirika n'kudikira zaka 7, kenako n'kumulowetsa sukulu imene ana anayamba kuwerenga ali ndi zaka 6, mwanayo adzavutika ngakhale ali wanzeru. Muzisunganso makope ake onse mutalemba madeti, chifukwa ndiwo umboni umene mphunzitsi wamkulu adzafune kuona pomupatsa kalasi.

Nkhani ya chilankhulo nayonso musaiphonye. Mabuku ambiri ogulitsidwa pa intaneti analembedwera ana amene Chingerezi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo amaganiza kuti mwana akudziwa kale tanthauzo la mawu amene akuwawerenga. Bungwe la UNESCO, loona za maphunziro padziko lonse, lakhala likulimbikitsa kuyambira mu 1953 kuti mwana ayambe kuphunzira m'chilankhulo chimene amalankhula kunyumba. Ngati kwanu mumalankhula Chichewa, mwayi wanu ndi wakuti mawu ake amalembedwa monga amamvekera, moti mwana akadziwa maphatikizo monga ba, be, bi, bo, bu sachedwa kuyamba kuwerenga yekha, ndipo luso limenelo adzalitenga popita ku Chingerezi, chimene kalembedwe kake kali ndi zopotoka zambiri.

Mayi wa ana atatu anayankha:

Ine ndiyankhapo pa za ndondomeko ya tsiku ndi za wamng'onoyo. Chimene chimathandiza ana aang'ono si wotchi ayi, koma kudziwa chimene chimabwera pambuyo pa chinzake. Kwathu timadzuka, kusamba, kudya, kuyala pogona, ndiye n'kukhala patebulo, ndipo ngakhale tichedwe kudzuka, dongosolo lake silisintha. Musanayambe ndi wamkulu, mupatseni kaye wa zaka 3 uja mphindi zingapo zakezake, mumuike pamiyendo n'kumuwerengera kabuku kamodzi, chifukwa mwana amene wayamba walandira chidwi cha mayi ake sasokoneza kwambiri. Mukatero mumupatse bokosi la zinthu zimene amaziona pa nthawi ya maphunziro yokha, monga makrayoni, mapepala akale ndi timakapu tothirathira madzi, ndipo maphunziro akatha bokosilo libwerere pamalo pake.

Phunziro lovuta liziyamba mutu usanatope, kenako ana athamange panja pang'ono asanabwerere ku lachiwiri. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 patsiku, ndiponso kuti ana a zaka 2 mpaka 4 asamapitirire ola limodzi akuonera TV kapena foni. Tulo natonso n'tofunika, popeza madokotala a ana amalangiza kuti mwana wa zaka 6 azigona maola 9 mpaka 12, ndipo nthawi zambiri mwana amene akukanika masamu m'mawa ndi amene anagona mochedwa dzulo lake. Ntchito zapakhomo zisaime. Ana azipinda nanu zovala, azisankhula masokosi awiriawiri, aziwerenga masipuni poyala tebulo. Pomaliza, konzani masiku oti azikumana ndi ana a msinkhu wake mlungu uliwonse, chifukwa kudikira nthawi yake pamasewera ndi kugonja popanda kulira saziphunzira kwa kholo.

NaBanda anayankha:

Zikomo kwambiri nonsenu. Ndiyamba ndi kufunsa za malamulo ndi kupeza silabasi ya boma monga anenera Bambo a Tiyamike, ndipo maola ndiwachepetsa kuyambira mawa. Ndatsala ndi funso limodzi kwa aphunzitsi: ndidzadziwa bwanji kuti buku limene ndasankha silikumuthandiza mwana, kuti ndisamangosinthasintha popanda chifukwa?

Mphunzitsi wopuma anayankha:

Lipatseni teremu yathunthu musanaliweruze, mayi, chifukwa masabata oyamba mwana amakhala akuzolowera kaye kachitidwe katsopano. Pakutha pa teremuyo mulembereni mawu amene sanawaonepo koma opangidwa ndi maphatikizo amene waphunzira, komanso samu yofanana ndi zimene wakhala akuchita koma ya manambala ena. Akakhoza, pitirizani ndi buku lomwelo ngakhale mumve kuti kwatuluka lina labwino. Akalephera, bwererani masamba angapo m'mbuyo ndipo mutulutsenso timiyala tija, ndipo ngati papita teremu ina akuvutikabe kusiyanitsa maliwu kapena malembo, mupite naye akamuyeze maso ndi makutu musanagule buku lina.