Andiitana ku dim sum ku Guangzhou koma nkhumba sindidya, nditani?

Abale anga amene mumabwera kudzaoda katundu kuno ku Guangzhou ku China, ndigawireni nzeru. Bambo amene amandigulitsa nsalu andiitana Loweruka m'mawa ku lesitilanti yapamwamba kuti tikadye dim sum (tizakudya ting'onoting'ono tosiyanasiyana todyera pa tiyi) pamodzi ndi banja lawo. Andipatsa ulemu waukulu, ndiye sindikufuna kuwakhumudwitsa.

Vuto n'lakuti ine nkhumba sindidya chifukwa cha chipembedzo. Ndinaonapo m'mene zimakhalira: timadengu tansungwi timabwera tikufuka nthunzi, tebulo n'kudzaza, aliyense n'kumangotapa ndi timitengo. Ndikudziwa kuti mu siu mai ndi char siu bao muli nkhumba. Koma har gow, ija yachikopa choonekera mkati, akuti ophika ena amathiramo mafuta a nkhumba. Nanga zipalapasiro za nkhuku zija amaziphika ndi chiyani? Inu mumaitanitsa ziti?

Chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi ichi: ndiwauziretu pa WeChat (pulogalamu ya pafoni yotumizirana mauthenga), kapena ndikanene tili patebulo? Ndikuopa kuti angandiikire okha chakudya m'mbale, ine n'kukana pamaso pa akazi awo.

Zogogoda tebulo ndi zala ziwiri pothokoza munthu akakuthirira tiyi ndaphunzira kale. Ndabwera ndi khofi wa ku Mzuzu, kodi ndingawapatse ngati mphatso pomwepo?