Skirting ndi cornice: ndiike zotani m'nyumba ya ku Chelstone, mu Lusaka?

Mwininyumba, Chelstone:
Akuluakulu, tikukonzanso nyumba ya zipinda zitatu. Pansi taika matailosi, siling'i ndi ya gypsum (mabolodi a pulasitala), ndipo kuchoka pansi kufika pasiling'i ndi mamita 2.6. Skirting (mkombero wa m'munsi mwa khoma) ndiike ya thabwa, ya MDF (bolodi la utuchi wopanikizidwa) kapena ya matailosi? Nanga cornice (mkombero wobisa pokumana khoma ndi siling'i) ikule bwanji?

Kalipentala, Kalingalinga:
Achikulire, MDF isiyeni. Kuno timakolopa tsiku ndi tsiku, ndiye ikamwa madzi m'munsi imatupa, penti n'kusweka, ndipo siphwanso. Kukhitchini ndi m'kolido dulani matailosi omwewo, mamilimita 80 mpaka 100 msinkhu, mizere yake ilunjikane ndi ya pansi.

Thabwa likhale la pabalaza ndi kuzipinda zogona. Mukwa ndi wolimba, ungofuna vanishi, koma ndi wodula. Paini ndi wotchipa, vuto lake chiswe, choncho mupakeni mankhwala mbali zonse musanakhome, makamaka kumbuyo kogunda khoma. Mukagula kumsika wa Buseko funsani matabwa ouma, ndipo muwagoneke m'nyumba masabata awiri, timitengo pakati kuti mpweya uzidutsa. Thabwa laliwisi likauma lili pakhoma limapindika, polumikiza n'kuyasama. Pokhoma boolani ndi drill, ikani mapulagi ndi masikuluwu pa mamilimita 500 aliwonse, chifukwa misomali imagumula pulasitala. Pansi pa soketi penipeni musaboole, pangadutse waya.

Woika siling'i, Chawama:
Pa mamita 2.6, cornice ya mamilimita 75 kapena 90 ndi yokwana. Yoposa apo imachititsa kuti siling'i ioneke ngati yatsika. Ine ndimalangiza yosalala, yongokhota kamodzi. Zamaluwamaluwa zija n'zokongola m'shopu, koma fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala limakhala m'timizere monse, ndani azikwera patebulo kukapukuta?

Cornice ya polystyrene (pulasitiki yoyera yonga thovu) ndi yopepuka ndipo chinyezi sichiiwononga, koma imafuna guluu wake wa madzi. Guluu wonunkha wa nsapato uja amaisungunula. Ya gypsum ndi yolemera, gwirani anthu awiri, ndipo phala lomatira kandani pang'onopang'ono chifukwa limalimba msanga.

Kawerengedwe: chipinda cha mamita 4 ndi 3 chimazungulira mamita 14. Onjezani gawo limodzi mwa magawo 10 la zoduka m'makona, zikhala 15.4, ndiye kuti zidutswa 8 za mamita awiriawiri. Pa skirting chotsanipo mamilimita 900 a pakhomo. Makona a nyumba zambiri sakwana madigiri 90, choncho yambani mwayesa ndi tizidutswa totsala musanadule chachitali pa madigiri 45. Lembaninso mzere wa choko kuzungulira khoma, m'munsi mwa cornice mutsate mzerewo, mpata wa kumwamba mutseke ndi phala.

Womanga, Matero:
Onani kaye m'munsi mwa makoma. Ngati penti ikufundudzuka kapena pakutuluka zoyera ngati mchere, chinyezi chikukwera kuchoka m'maziko, ndipo thabwa lililonse lidzawola mvula ikayamba mu Novembala. Konzani zimenezo choyamba, pulasitala watsopano aume bwino. Mafelemu a zitseko akakhala achitsulo, architrave (thabwa lozungulira felemu) ndi yosafunika. Akakhala a thabwa, kumaso kwa architrave kufanane ndi kwa skirting, ndipo skirting isanenepe kuposa iyo, kuti zikumane bwino pakhomo.