Kuchokera ku Chileka kukafika ku Jeddah, ku Saudi Arabia, ndi mtunda wautali bwanji?

Abale anga, ndithandizeni. Mayi anga akukonzekera ulendo wa Umrah (ulendo wa Asilamu wokapemphera ku Makka), koma ndege sanakwerepo. Chikundidetsa nkhawa ndi miyendo yawo. Ngakhale pa minibasi yochoka kuno ku Mangochi kupita ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba, amatsika mapazi atatupa, nsapato osalowanso.

Wogulitsa matikiti akuti adzasinthira ndege pabwalo la ndege la Bole, ku Addis Ababa. Kodi kuchokera ku Chileka kukafika ku Addis ndi makilomita angati, ndipo m'mwambamo amakhalamo maola angati? Nanga kuchokera ku Addis kukafika ku Jeddah? Atanyamukira ku Lilongwe, pabwalo la Kamuzu, ulendo ungafupikeko?

Inu amene munayendapo ndi makolo okalamba, njinga ya olumala munapempha pogula tikiti kapena mutafika pabwalo pomwepo?