Mitsempha ya mu ubongo inaning'a, nanga magazi angatayikenso bwanji?

Wofunsa (Chibavi): Akuluakulu, thandizeni. Malume anauzidwa kuti mitsempha ina ya mu ubongo inaning'a, akumwa aspirin tsiku ndi tsiku. Akutinso magazi angathe kutayikira m'mutu. Zikugwirizana bwanji? Tiziyang'ana chiyani?

Namwino (Katoto): Zimagwirizana ndithu, achimwene. Chimene chimaning'itsa mtsempha, makamaka BP, shuga ndi fodya, chimafooketsanso khoma lake. Thupi limaphukitsa timitsempha tolambalala pamene paning'apo, koma nthawi zina timakhala tosalimba, BP ikakwera tingaphulike. Aspirin saphulitsa mtsempha, koma magazi akayamba kutuluka amachedwa kuundana.

Chizindikiro chachikulu ndi mutu wobwera mwadzidzidzi, wofika pachimake mphindi imodzi isanathe, umene sanaumvepo. Khosi kuuma, kusanza, kudana ndi kuwala, kugwa ngati khunyu, kukamwa kupotoka. Zikatero musadikire kuche, pitani nawo ku Mzuzu Central. Agonekeni chammbali, mutu wokwezako. Osawamwetsa madzi kapena phala, angatsamwe. Osawapatsa aspirin wina, brufen kapena diclofenac. Lembani nthawi imene zayambira, mutenge buku la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala.

Dokotala (Luwinga): Ndiwonjezere. Sitiroko ya kutsekeka kwa mtsempha ndi ya kutayika kwa magazi sungazisiyanitse ndi maso, pamafunika sikani ya CT, yojambula mkati mwa mutu, ndipo magazi otayika imawaonetsa bwino kwambiri m'maola 6 oyambirira. Ikapanda kuonetsa kanthu koma tikukayikirabe, timatenga madzi a pamsana pakadutsa maola 12. Anthu ambiri amawakana, chonde musakane. Magazi akapezeka kuti azungulira ubongo, wodwala amamwa mankhwala a nimodipine 60 mg maola 4 alionse kwa masiku 21, chifukwa kuyambira tsiku la 3 mpaka la 14 mitsempha imadzifinya, ndipo kwa amene inaning'a kale ngozi yake ndi yaikulu.

Wofunsa: Ndiye angosiya aspirin?

Dokotala: Ayi, osasiya paokha, mtsempha ungatsekeretu. Gwirani BP, isapose 140/90. Koma asamawonjeze mapiritsi kuti itsike msanga, ikagwa kwambiri magazi safika kuseri kwa poning'apo. Mchere usapose 5 g patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma. Fodya asiyiretu.

Namwino: Chinanso, akagwa n'kumenyetsa mutu, ngakhale pang'ono, akaonedwe. Kwa okalamba a pa aspirin magazi amatha kudontha pang'onopang'ono, kusokonezeka ndi tulo tambiri n'kudzaoneka patapita masabata.