Sienta ikuwira pokwera Thabwa atangosintha coolant

Wa galaja ku Nchalo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndalandira Sienta ya injini ya 1NZ, yonyamula anthu kupita ku Blantyre. Mwini wake anasintha yekha madzi a mu rediyeta kunyumba: anakhetsa akale, n'kuthira madzi a pamjigo ndi botolo limodzi la coolant (mankhwala osakaniza ndi madzi oziziritsa injini) wobiriwira pamwamba pa wofiira wotsalira. Kuchigwa kuno geji ili bwinobwino, koma ikangowoloka Kamuzu Bridge n'kuyamba chitunda cha Thabwa singano ikuthamangira kofiira, kathanki ka pambali n'kumasefukira. Fani ikuzungulira. Ndiyambire pati?

Wa ku Ngabu:
Achimwene, yambani ndi mpweya. Munthu akathira madzi mothamanga n'kutseka nthawi yomweyo, mpweya umatsekeredwa mu injini ndipo madzi sazungulira mokwanira. Yatsani hita injini itatentha: ikamatulutsa mphepo yozizira, kapena yotentha modukizadukiza, ndi umenewo. Dikirani injini izizire ndithu, chifukwa chivundikiro cha rediyeta chotsegula injini ili yotentha chimawaza madzi owira kumaso. Kwezani kutsogolo ndi jeke, ikani hita pa kutentha kotheratu, tsegulani chivundikiro, lizani injini. Muzifinya paipi yam'mwamba ndi dzanja, mukuwonjezera pang'onopang'ono, mpaka thovu litasiya ndipo fani yayaka n'kuzima kawiri. Mawa lake m'mawa onaninso, madzi amakhala atatsika pang'ono.

Wa ku Bangula:
Zoonadi, koma musanavutike ndi mpweya khetsani zonsezo. Mijigo yambiri ya kuno madzi ake ndi amchere, tonse timawamva pakamwa. Mchere umadya aluminiyamu wa rediyeta ndi mutu wa injini, ndipo madzi oterowo akamatentha amasiya zoyerayera ngati za m'ketulo, zomwe zimatseka timachubu ta rediyeta. Timachubu tikatsekeka theka galimoto imayenda bwino pamalo athyathyathya, n'kudzagonja pachitunda itadzaza anthu, dzuwa la Okutobala litapitirira madigiri 40. Kusakaniza wofiira ndi wobiriwira nakonso kumafooketsa mankhwala oteteza dzimbiri, mwinanso kupanga matope.

Masulani kampopi ka pansi pa rediyeta, ndi kapulasitiki, musakakamize ndi pulayala kangathyoke. Thirani madzi a batire osindikizidwa distilled, osati asidi, lizani mphindi 10 hita ili yoyatsa, izizire, khetsani. Bwerezani mpaka otulukawo akhale oyera. Pothira coolant kumbukirani kuti kampopi kaja sikatulutsa zonse, madzi ena amatsalira mu buloko ndi mu hita. Ndiye ngati coolant ndi wosasungunula, onani m'buku la galimoto malita onse, thirani theka la malitawo coolant yekha choyamba, kenako malizani ndi madzi a distilled aja. Mukasakaniziratu m'chidebe, madzi otsalira aja amamusungunulanso. Coolant wa Toyota wofiira amafuna madzi, koma wa pinki uja wa Super Long Life amabwera wosakaniza kale theka ndi theka, musamuwonjezere kanthu.

Wa ku Dyeratu:
Bwanji osangochotsa thermostat, valavu ija imene imatsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha? Kuno kulibe chisanu, ambiri amatero.

Wa ku Nsanje:
Ayi mng'ono wanga, imeneyo musaichotse. Ikachoka injini imachedwa kutentha m'mawa, kompyuta imathira petulo wochuluka, ndipo chimene chikuwiritsa chimakhala chidakalipo. Komanso pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatseka njira yachidule ya madzi, kuti onse adutse mu rediyeta. Iyeseni kaye: pa thupi lake palembedwa nambala, kawirikawiri 82. Iikeni m'poto wa madzi pambaula, iyambe kutseguka madzi asanawire, ndipo akamawira ikhale itayasama. Pobwezera, kavalavu kakang'ono kogwederagwedera kamene kali m'mphepete mwake kayang'ane m'mwamba, ndi komwe mpweya umatulukira.

Chimene ine ndikuchikayikira kwambiri ndi chivundikiro cha rediyeta. Madzi okha amawira pa madigiri 100, osakaniza theka ndi theka pafupifupi 107, koma chivundikiro cha 1.1 bar (muyeso wa mphamvu imene chimapanikizira madzi) chikamagwira bwino amapirira kupitirira 120. Labala wake akang'aluka kapena sipuling'i ikafooka, madzi amathawira mu kathanki injini isanatenthe mopyola. Kusefukira mwanenako kukufanana ndi zimenezi. Gulani cha nambala yomwe ili pa chakalecho.

Wa ku Ngabu:
Musanamugulitse mwini galimotoyo coolant wodula, onaninso gasiketi, yomatira pakati pa mutu wa injini ndi buloko, poti injiniyo yawira kangapo. Injini ili yozizira, chivundikiro chotsegula: thovu likamabwera osasiya mutangoliza, paipi yam'mwamba ikamalimba ngati tayala m'mphindi ziwiri, kapena pansi pa chotsekera oyilo pali zonga chambiko, gasiketi yapsa, mutu wa injini utsike basi. Ndipo madzi akalewo musatayire pabwalo kapena m'ngalande. Amatsekemera, agalu ndi mbuzi zimanyambita, ndipo amawononga impso, ngakhale za mwana. Akhale m'chigubu chotseka, cholembedwa.

Wa galaja ku Nchalo:
Zikomo akuluakulu. Gasiketi ili bwino, thovu linasiya mpweya utatuluka. Labala wa chivundikiro ndamupeza wong'aluka, ndasintha. Kutsuka kwatenga maulendo 4, oyamba kutuluka anali ngati tiyi wamkaka. Koma injini itatentha n'kuizimitsa, ndagwira rediyeta ndi chikhatho: pakati pake ndi pozizira pomwe m'mbali mukutentha.

Wa ku Bangula:
Ndi timachubu totsekeka timeneto, kutsuka ndi madzi sikungatitsegule. Ichotseni ipite kwa a marediyeta akaitsegule, kapena muike ina, musanathire coolant watsopano. Isakwere Thabwa ili choncho.