Marathoni ya mu Blantyre: bwanji makilomita 42.195, nanga mapiri athuwa tiwakonzekere bwanji?

Mnyamata wa ku Chilobwe:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mpikisano wothamanga wa mumzinda muno amaulemba kuti ndi wa makilomita 42.195. Mamita 195 apamwambawo anachokera kuti, bwanji osangoti 40 kapena 42 basi? Chachiwiri, anzathu a ku Kenya akumaliza mtunda womwewu pa maola 2 ndi timphindi tochepa, pomwe kuno opambana amachedwerapo ndithu. Vuto ndi miyendo kapena misewu? Komanso munthu amene amatha makilomita 10 mosavutika akufunika miyezi ingati kuti adzafike kumapeto ndi miyendo yake, osati pa ambulansi?

Gogo Liwiro:

Mwana wanga, mamita 195 amenewo ndi a Angelezi. Pa masewero a Olimpiki oyamba a makono, ku Athens mu 1896, anathamanga makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku tauni ya Marathon, ndipo anapambana ndi Mgiriki Spyridon Louis pa maola 2, mphindi 58 ndi masekondi 50. Zaka zotsatira aliyense ankangoyeza mtunda wake. Mu 1908 ku London anayambira ku nyumba yachifumu ya Windsor n'kukathera m'bwalo la White City, kutsogolo kwa pokhala a banja lachifumu, ndipo mtundawo unakwana mamailosi 26 ndi mayadi 385. Ndiwo makilomita 42.195. Bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse linaukhazikitsa ngati lamulo mu 1921. Pa bwalo la mamita 400 ndiye kuzungulira ka 105 ndi theka.

Mpikisano wakale kwambiri wochitika chaka ndi chaka ndi wa ku Boston, womwe unayamba mu 1897 ndipo umachitika Lolemba lachitatu la mwezi wa Epulo. Wa ku New York unayamba mu 1970, wa ku Berlin mu 1974, wa ku London mu 1981. Pafupi nafe pali Comrades, pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, kuyambira 1921, koma umenewo ndi wa makilomita pafupifupi 90, nkhani ina. Amayi anakanizidwa nthawi yaitali: Boston inawalola mwalamulo mu 1972, ndipo ku Olimpiki anayamba mu 1984.

Chimene chimakulitsa mipikisano imeneyi si ndalama zokha ayi, koma kusasuntha kwa tsiku ndi njira. Wothamanga amadziwa chaka chisanayambe kuti akonzekere liti, ndipo nthawi ya chaka chino imayerekezeka ndi ya chaka chatha. Wathu wa mu Blantyre unakhalapo zaka zambiri uli zii mpaka pamene a Malawi National Council of Sports anaudzutsa, ndiye mbiri yake ili ndi mpata pakati. Koma miyendo ilipo m'dziko muno. Catherine Chikwakwa anatenga mendulo yasiliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse lapansi mu 2004, ndipo Mike Tebulo anathamanga marathoni ya Olimpiki ku London mu 2012.

Woyeza Misewu:

Agogo afotokoza bwino. Ine ndiyankhe za nthawi. Musayerekeze nthawi ya ku Blantyre ndi ya ku Berlin kapena Chicago, achimwene. Eliud Kipchoge anachita 2:01:09 ku Berlin mu 2022, Kelvin Kiptum 2:00:35 ku Chicago mu 2023, koma misewu imeneyo ndi yathyathyathya ngati dambo, ili pafupifupi pa mulingo wa nyanja yamchere, kunja kuli kozizira, ndipo amakhala ndi anthu olipidwa owatsogolera kuti liwiro lisasinthe. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000, ndipo mzinda wokhala pakati pa Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe sungapezemo makilomita 42 opanda chitunda. Kuchoka pa Ginnery Corner kulowera ku Limbe mu Masauko Chipembere Highway ndi kukwera. Kutsikira ku Chileka n'kokoma, koma bwalo la ndege lija lili pansi ndi mamita oposa 200 poyerekeza ndi m'tauni, ndipo kumatentha kuposa kuno. Zonse mwatsikazo mudzazibweza pobwerera, dzuwa litakwera. Nthawi imene mwataya pa chikweza simuipezanso yonse potsetsereka.

China chimene ambiri sachidziwa: mtunda sayeza ndi galimoto kapena GPS ya pa foni. Amayeza ndi njinga yakapalasa yomangidwa kachipangizo kotchedwa Jones counter pa gudumu lakutsogolo. Woyeza amayamba wapalasa pa msewu woongoka woyezedwa ndi tepi yachitsulo kuti adziwe manambala a kilomita imodzi, kenako amapalasa njira yonse modula makona monga momwe wothamanga wochenjera angadulire, n'kubwereranso pa tepi paja pomaliza, chifukwa tayala likatentha mpweya umafufuma ndipo manambala amasintha. Amawonjezera mita imodzi pa kilomita iliyonse, ndiye mamita 42, kuopa kuti njira ingapereweze. Kuti nthawi ivomerezeke ngati rekodi, njira isatsike kuposa mita imodzi pa kilomita, ndipo poyambira ndi pothera pasatalikirane kuposa theka la mtunda wonse. N'chifukwa chake Boston, ndi ukulu wake wonse, nthawi zake sizikhala rekodi ya dziko lonse.

Ndiye wotchi yanu ikadzaonetsa 42.6 musadzakalipire okonza. Mwangozungulira makona motambalala komanso kuzemba maminibasi.

Kochi wa pa Chichiri:

Wa makilomita 10 apatule masabata 16 mpaka 20. Muzithamanga masiku 4 pa sabata, ndipo mtunda wa sabata yonse usakwere kuposa gawo limodzi mwa magawo 10 pa wa sabata yapitayo. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mitsempha ya kuchidendene, mawondo ndi mafupa a msongolo zimachedwa, ndiye wothamangira kuwonjezera amavulala cha m'sabata ya 5 kapena 6 akudzimva kuti ali bwino.

Tsiku lofunika kwambiri ndi la mtunda wautali, Loweruka kapena Lamulungu m'mamawa. Yambirani pa makilomita 12, muziwonjezera 2 sabata iliyonse, ndipo sabata yachinayi iliyonse muzibwerera m'mbuyo kuti thupi lipume. Mufike pa 30 kapena 32 kamodzi kapena kawiri, komaliza kukhale masabata 3 mpikisano usanachitike. Liwiro lake likhale loti mukhoza kucheza ndi mnzanu osabanika. Masabata 3 otsalawo muzichepetsa, ngakhale miyendo ikuyabwa.

Tsiku lina likhale la chitunda: pezani chikweza cha mamita 200 mpaka 300, kwerani mwamphamvu ka 6 mpaka ka 10, kutsika mwapang'onopang'ono. Koma kutsetsereka nakonso kuphunzireni. Chimene chimapha ntchafu mu Blantyre si kukwera, ndi kutsika mothamanga ndi mapazi otalikirana, chifukwa minofu yakutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki n'kumang'ambika pang'onopang'ono. Ululu wake umadzatulukira pa kilomita 30. Potsika fupikitsani mapazi.

Masamu ake ndi awa: kumaliza pa maola 4 kumafuna mphindi 5 ndi masekondi 41 pa kilomita, pomwe kumaliza pa maola 5 kumafuna mphindi 7 ndi masekondi 7 pa kilomita. Woyamba kumene asankhe liwiro lake n'kuligwira, asatengeke ndi gulu pa makilomita 5 oyamba pamene aliyense amaliyatsa ngati akuthawa njuchi.

Nsapato za pa kaunjika zilibe vuto ngati mwasankha bwino. Osangoyang'ana pamwamba: finyani mphira wapakati, ngati wauma kapena wachita makwinya ozama, yatha. Patsogolo pa chala chachikulu patsale malo a chala chamanthu, chifukwa phazi limatupa ndipo zikhadabo zimada n'kuzuka. Nsapato yatsopano osaivala tsiku la mpikisano. Pakani Vaseline m'mphechepeche, m'khwapa ndi pa nsonga za mabere. Inde, abambo omwe.

Nachisale wa ku Zingwangwa:

Akochi, mwasiya za m'mimba, pomwe ambiri amagwera pamenepo. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha cha pa kilomita 30 mpaka 35, ndiye miyendo imangolemera ngati mwamangirira njerwa. Mankhwala ake ndi kudya musanamve njala: magalamu 30 mpaka 60 a shuga kapena sitachi wopezeka m'zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse, kuyambira mphindi 40 zoyamba. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu otere pafupifupi 25. Masiku 2 omaliza muchulutse nsima, mpunga kapena mbatata, koma nyemba, kabichi, tsabola ndi zokazinga zapachiwaya zidikire. M'mawa wake phala kapena buledi ndi tiyi, kutatsala maola 3. Chilichonse chimene mudzadye pa mpikisano muyambe mwachiyesa pa mtunda wautali uja.

Madzi muzimwa pang'onopang'ono, mamililita 400 mpaka 800 pa ola malinga ndi thupi ndi kutentha. Kumwa mopyola muyeso n'koopsanso, makamaka kwa othamanga pang'onopang'ono amene amaima pa tebulo lililonse: mchere wa m'magazi umasungunuka, munthu amatupa zala, mutu umawawa, amasanza, mwinanso kukomoka. Paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi imathandiza kubwezera mchere. Brufen osamwa musanayambe kapena muli pa msewu, imapweteka impso thupi likauma. Ndipo amene wadwala malungo kapena kutentha thupi masiku apafupi, chaka chimenecho angopita kukachemerera anzake.

Mpikisano ukakhala m'nyengo ya Okutobala kapena Novembala, chenjerani kwambiri. Wothamanga akayamba kudzandira, kuyankhula zosamveka kapena kulusa popanda chifukwa, thupi latenthetsa. Mugonekeni pamthunzi, muthireni madzi ozizira thupi lonse pompo uku mukuitana achipatala.

Mnyamata wa ku Chilobwe:

Zikomo kwambiri nonse. Ndiye ndilembetse 42 yomweyo, kapena ndiyambe ndi waufupi?

Kochi wa pa Chichiri:

Werengani masabata kuchokera lero kufika tsiku la mpikisano. Akapanda kukwana 16, lembetsani waufupi. Akakwana, pa sabata ya 8 kapena 10 mudziyese pa makilomita 21.1, theka la marathoni. Nthawi imene mupeze muichulukitse kawiri n'kuwonjezera mphindi 15 mpaka 20, ndipo chifukwa cha zitunda zathuzi tengani 20. Porters Race ya ku Mulanje, yoyambira pa Likhubula, imalimbitsa miyendo, koma ndi ya m'miyala ndi m'phiri, ndiye nthawi yake musaigwiritse ntchito pa masamu amenewa.