Anatenga madola, abweza ZiG

Msungichuma: Mwaswera bwanji nonse. Amayi a ku Mbare anditumizira pafoni, pa EcoCash, ndalama zobweza ngongole ya gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama, koma ndi za ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe. Mu Ogasiti anatenga $200, madola enieni a m'bokosi. Sindinalembe m'buku, ndikudikira gulu.

Amayi a ku Mbare: Ndatumiza zomwe ndili nazo asungichuma. Ndawerengera pa reti ya kubanki, sindinabere munthu.

Achimwene a kombi: Reti ya kubanki? Amayi, tapitani kubankiko mukagule dola pa mtengo umenewo, tione ngati akupatseni. Mumsewu reti ndi ina, ndiponso anyamata osinthawo apolisi akuwagwira. Akasinthe ndani?

Mlembi: Lamulo lathu likuti wotenga madola abweze madola. Tinalilemba pokumbukira 2019, pamene madola a anthu m'mabanki anasanduka RTGS, ndalama ya kuno ya nthawi imeneyo. ZiG yomweyi yabwera mu Epulo chaka chino cha 2024, koma pa 27 Seputembala inagwa tsiku limodzi kuchoka pa 14 kufika pa 24 pa dola. Tikaisunga mpaka Disembala tidzagawana chiyani?

Amayi a ku Mbare: Mukulankhula ngati simudziwa kuti msika wa Mbare Musika kuno ku Harare unapsa mu Okutobala. Ngongoleyo ndinapikulira anyezi ndi mbatatesi. Matumba onse, sikelo, tebulo, ngakhale kabuku kolemba ondikongola, zonse phulusa. Pano ndikuyala tomato pa saka m'mbali mwa msewu, maso ali kwa akhonsolo. Wobwera ndi dola ndilibe chenji chomupatsa, ndiye ambiri akungonditumizira ZiG pafoni. Madolawo ndiwatole kuti?

Agogo a ku Mufakose: Ana inu, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nanga dola imene timaponya m'thumba la mavuto sabata iliyonse ndi yachiyani?

Mlembi: Ya maliro ndi matenda, agogo. Moto sitinaulembe.

Agogo a ku Mufakose: Ulembeni lero.

Asisi a saluni: Pepani agogo, ine ndiye ayi. Mwana wanga atagonekedwa m'chipatala ndinachedwa sabata ziwiri, munandidula chindapusa osaphethira. Palibe ananena mwambi tsiku limenelo. Ine masheya anga ndikuwerengera fizi ya Januwale.

Achimwene a kombi: Apo asisi anena zoona. Komabe chiwongoladzanja cha Okutobala ndi Novembala tingawachotsere, moto tonse tinauona. Koma $200 ibwere momwe inatulukira. Ndipo isakhale ya manotsi ong'ambika, amakana m'mashopu.

Amayi a ku Mbare: Sindikukana ngongole achimwene. Dulani pa masheya anga $120, yotsalayo ndizipereka $10 Loweruka lililonse.

Msungichuma: Ikatero ithera mu Januwale, ife tigawana pa 14 Disembala. Aliyense alandira zoperewera pang'ono, mudziwiretu.

Asisi a saluni: Ndiye chindapusa changa chija mundibwezere.

Wapampando: Basi, zamveka. Loweruka 2 koloko kwa agogo tidzakweza manja pa zitatu: kuchotsa chiwongoladzanja, kudula masheya, ndi chindapusa cha asisi. Wosabwera asadzadandaule. Asungichuma, abwezereni ZiG yawo lero lomwe.

Msungichuma: Ndibweza, koma potumiza amadula ndalama. Imeneyo alipira ndani?

Agogo a ku Mufakose: Tumiza mwanangu, ndikupatsa Loweruka.